Nyale Yofiira ya ku Loji

Mawanga anayambira pa zala za dzanja lamanja, ngati munthu wagwira ufa n'kuiwala kusamba. Mkazi wanga anawapaka mafuta, anawakwecha ndi mwala wosambira, koma m'malo mochoka anakwera mpaka kuseri kwa dzanja, kenaka anaolokera ku dzanja linalo. Sankayabwa, sankapweteka. Khungu linkangotaya mtundu wake n'kuyera mbuu. Chaka chisanathe, ena anatuluka m'mbali mwa milomo.

Akanakhala mayi wina wa m'mudzi mwathu muno kwa Mlonyeni, nkhaniyi ikanathera pa manong'onong'o a kumjigo. Koma mkazi wanga anali wothandiza kugawa Ukaristiya pa tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo anali ataigwira ntchitoyo zaka khumi ndi ziwiri. Lamulungu ankaima kumbali ya amayi, akatekisiti kapena wansembe akabwera n'kuima kumbali ya abambo. Lachinayi ankatenga kabokosi kake n'kuyenda wapansi kukapatsa odwala ndi okalamba m'midzi itatu. Sanali munthu wa mawu ambiri. Zimene ena amanena ndi pakamwa, iye ankazinena ndi ntchito imeneyo.

Ine ndinkakhala benchi lachitatu kumbali ya abambo, ndipo ndinaona zonse mmene zinayambira. Mayi wina ankadzuka ngati akulowa mu mzere wa mkazi wanga, n'kuima kuti amange bwino mwana kumsana, ndipo pomaliza kumangako ankapezeka ali mu mzere wathu wa abambo. Sabata yotsatira anali atatu. Miyezi iwiri isanathe, mzere wathu unkafika pakhomo, pamene kwa iye kunkapita agogo awiri ndi atsikana a kwaya amene ankachita manyazi kuoloka. Akatha amenewo, ankaima ndi mbale ija m'manja, maso ali pansi, kudikira mpaka nyimbo ithe.

Moni wa mtendere nawo unasintha. Nthawi ya mliri ija tonse tinaphunzira kuweramirana m'malo mopatsana dzanja. Mliri utatha, manja anabwerera kwa aliyense kupatula kwa iye. Iye yekha anthu ankamuweramirabe, mwaulemu kwambiri.

Atcheyamani a tchalitchi anabwera Loweruka lina masana, ine ndikukonza denga la chigafa. Ndi munthu amene tinakulira limodzi, tinaweta mbuzi dambo limodzi. Ndinatsika, tinakhala pamthunzi. Mkazi wanga anali pamkeka chapafupi pomwepo, akuswa mtedza, koma kuno nkhani ya mkazi wapabanja imadzera kwa mwamuna wake, choncho atcheyamani ankayang'ana ine.

"Bambo, ndabwera ngati mbale, osati ngati tcheyamani," anatero. "Akhristu akudandaula. Ena akuti ndi khate, ena akuti amayi anaponda pena pake. Ine zimenezo sindizikhulupirira, mukundidziwa. Koma anthu athu mukuwadziwanso. Bwanji amayi apume kaye? Manja akachira, malo awo alipo."

Mtedza unasiya kulira pamkeka paja. Ndinayankha kuti tamva.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo za ulimi pa boma, anatitengera ku Lilongwe kwa dokotala wa khungu. Dokotalayo anapima, anabaya mawangawo ndi kansonga kuti aone ngati akumva, ndipo anamva. Anati si khate, ndiponso si matenda opatsirana, ngakhale munthu atadyera naye mbale imodzi moyo wake wonse. Zonsezi analemba m'kabuku ka kuchipatala, n'kudinda. Za kuchira anati n'zovuta. Anapereka mafuta opaka, anamuuza kuti asamakhalitse padzuwa, ndipo anatchula kuti m'zipatala zina zakutali kuli nyale zapadera zimene nthawi zina zimabwezeretsa mtundu wa khungu, koma iye analibe.

Titafika kunyumba, mkazi wanga anaika kabuku kaja patebulo kutsogolo kwanga.

"Bambo, tengani kabukuka mukawaonetse atcheyamani. Akawerenge pamaso pa komiti yonse."

"Ndamva, Mayi. Tione kaye."

"Tione chiyani? Adokotala aona kale."

Ndiyenera kufotokoza zimene zinali mumtima mwanga, chifukwa panthawiyo zinkaoneka zanzeru. Ndinkaganiza kuti pepala silisintha maso a anthu. Ndinkaganiza kuti kupita ndi kabuku ku komiti n'chimodzimodzi kuwaloza chala kuti ndinu mbuli, ndinu ouma mtima, pamene ambiri mwa iwo ankangoopa chinthu chimene sankachidziwa. Ine ndinaleredwa kuti mlandu sauthamangira. Ndakhalapo nkhoswe ya mabanja ambiri chifukwa cha khalidwe lomwelo, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndimamva mbali zonse ndisanatsegule pakamwa. Ndinkaona kuti njira yabwino ndi yakuti manja achire, iye abwerere pamalo pake mwakachetechete, popanda wina kuchita manyazi. Kabuku kaja ndinakaika m'Baibulo.

Patapita masabata angapo mwana uja anabwera ndi nkhani. "Ababa, pa loji yatsopano ija ya pamsewu wopita ku boda atsegula malo osamalira khungu. Mabwana aakazi a pa boma akuthamangira kumeneko. Akuti ali ndi nyale."

Nditangomva za nyale, mtima wanga unalumpha. Ndinakumbukira mawu a dokotala, ndipo sindinafunsenso kuti ndi nyale yanji. Ndinati Mulungu watibweretsera pafupi chimene chinali kutali. Mwanayo anati za malipiro tisadandaule.

Tinapita Lachiwiri lina mu Okutobala, panjinga mpaka pa tala, kenaka minibasi. Kunja kwa mpanda kunali fumbi ndi malole aatali opita ku Zambia. M'kati munali kapinga wobiriwira, akumuthirira ndi paipi masana dzuwa lili pamutu, mwezi umene ife kumudzi tinkaima pamzere wa mjigo kuyambira mbandakucha. Amene anatilandira anali mayi wa ku Chipata, wa zaka ngati makumi anayi, wathupi, wovala zoyera ngati namwino. Anati ntchitoyi anaiphunzira ku Lusaka. Ataona mmene ndinkasuzumira, anaseka.

"Bwelani muone, tate. Mungaganize ati tifuna kuwaphika amai."

Ndipo kunena zoona, kachipinda koyamba kamene anandionetsa kanali ngati kophikira munthu: kamatabwa, kodzaza ndi nthunzi yotentha, benchi m'mbali. Chipinda chachikulu chinali cha mdima masanasana, makatani otseka, makandulo akuyaka. Munkanunkhira udzu uja timaphikira tiyi, umene kwathu umangomera wokha kuseri kwa bafa. Munkamveka mbalame ndi madzi oyenda. Ndinayang'ana kudenga kufunafuna mbalamezo, mayiyo n'kundilozera kawailesi pakona. Panali beseni la madzi ofunda lokhala ndi maluwa pamwamba, loviikamo mapazi, panali miyala yakuda yosalala imene ankaitenthetsa kuti aziika pamsana, panalinso bedi lalitali lokhala ndi bowo loikapo nkhope. Zonsezi ndinaziona ngati zoseweretsa za anthu osatopa. Maso anga anali pa nyale. Inali ngati chivundikiro chopindika, m'kati mwake timagetsi tambirimbiri. Atayatsa, chipinda chonse chinafiira. Anati munthu amagona pansi pake atavala timagalasi takuda, manja ali pachifuwa. Ndinachita chizindikiro cha mtanda mobisa.

"Manje tate, imwe panja. Kuno ni kwa azimai."

Ndinakhala pakhonde maola awiri ndikupemphera korona wanga. Amayi a magalimoto ankalowa ndi kutuluka, nkhope zili phuliphuli, akuyankhula pafoni. Mkazi wanga atatuluka ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wotula katundu. Mu minibasi anagona, mutu uli pazenera, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni. Ine ndinati mankhwala ayamba kugwira.

Tinkapita pakatha masabata awiri aliwonse. Ndipo apa ndi pamene ndinayamba chizolowezi chimene lero chimandiwawa kuposa zonse.

Ine ndine mlimi wa fodya wa bale. Kusankha fodya ndiyo ntchito imene ndimaidziwa kuposa ina iliyonse, ndipo anzanga ankandiitana kuti ndikawaonere awo asanamange mabelo. Fodya sasankhira padzuwa kapena mumdima. Umakhala pakhomo pa shedi m'mawa, pamene kuwala kuli kofewa, n'kugwira tsamba kuphata ndi zala ziwiri, kulitambasula, kuona mtundu, kuona mawanga, kulitembenuza, n'kuliika pamulu wake. Loweruka lililonse m'mawa ndinkamuitana mkazi wanga pakhomo pomwepo. Ndinkamugwira pamkono, pamene pathera juzi, ndi zala ziwiri. Ndinkatembenuza dzanja, kuona kuseri, kuona m'kati, kenaka linalo. Ndinafika poika kadontho ka bolopeni m'mphepete mwa wanga lalikulu kuti sabata yamawa ndidzaone ngati labwerera m'mbuyo.

"Lero mwandipatsa giredi yanji, abwana?" ankafunsa.

"Ndikuona ngati apa pachepako."

"Ndiye mukandigulitsa ku okushoni, kapena kwa mavenda?"

Ndinkaseka, ndikuganiza kuti ndi nthabwala za munthu amene mtima wake wayamba kupepuka. Sipanachepe paliponse. Diso langa, limene silinanamizidwepo ndi tsamba, ndinkalinamiza ndekha sabata ndi sabata.

Nthawi ndi nthawi ankafunsa za kabuku. Sankakweza mawu. Ankangoti, "Bambo, komiti ikukumana Lamulungu likubwerali." Ine ndinkati, "Nyale ichite kaye ntchito yake, Mayi. Tatsala pang'ono." Lachinayi ankadzukabe m'mawa, kusamba, kuvala chitenje chake chabwino, kenaka n'kukhala pakhonde kwa kanthawi. Akatero ankalowa, kuvula, n'kutenga khasu. Odwala ake ankatumiza uthenga kufunsa ngati wawataya. Bambo amene anaikidwa m'malo mwake anali ndi njinga, koma anali ndi gulosale yoyang'anira, ndiye ankawafikira kamodzi pamwezi.

Choonadi chinatuluka mu Febuluwale, tsiku limene magetsi anazima. Titafika pa loji anatiuza kuti jenereta ilibe mafuta. Mayi wina wa galimoto anakalipa n'kubwerera. Ine ndinati nafenso tizipita, koma mkazi wanga anati alowe kaye akapereke moni. Ndinakhala pakhonde. Ndinamaliza korona, sanatuluke. Ndinayamba wina, sanatuluke. Pomaliza ndinapita kukagogoda, ndipo chitseko chinali chosatseka bwino.

Makatani anali otsegula. Munalibe mbalame, munalibe kufiira, chinali chipinda wamba chokhala ndi utoto wosupuka pakona. Mkazi wanga anakhala pampando, mayi wa ku Chipata uja pa kampando kakafupi kutsogolo kwake, ataika manja onse awiri a mkazi wanga pamiyendo pake. Analibe magolovesi. Ankapaka mafuta chala chimodzichimodzi, kutikita pakati pa zala, kukanikiza m'chikhatho ndi chala chake chachikulu, kudutsa pa mawanga paja ngati palibe kanthu. Ankakamba nkhani ya mlamu wake wina, ndipo mkazi wanga ankaseka, kukamwa kuli yasa, osabisa milomo ndi nsalu monga anazolowerera. Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko kwa chaka ndi miyezi.

Atandiona anasiya kuseka.

"Pepani," ndinatero. "Ndimati nyale ilibe moto, ndiye mwina tibwere tsiku lina."

"Lowani, tate. Lelo takupatsani chilolezo."

Ndinalowa, chipewa chili m'manja. Popeza mwayi unapezeka, ndinafunsa funso limene ndinkalisunga. "Mayi, inu mwaona anthu ambiri. Mtundu umayamba kubwerera pakapita miyezi ingati? Chifukwa ife ino ndi miyezi inayi."

Mayiyo anayang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga anayang'ana pansi.

"Amai, simunawauze?"

Mayiyo sanasiye manja aja, anangowagwira chigwirire.

"Tate, ine bodza sinifuna. Nyale iyi ni ya ziphuphu na makwinya, kuti nkhope izioneka yosalala. Ija anakamba dokota ni ina, ya kuchipatala, ine nilibe. Iyi olo agonepo zaka teni, mawanga aya sazachoka. Ninawauza amai siku loyamba, akalibe na kuvula nsapato. Anati, nizibwelabe. Manje ine ningawapitikise?"

Sindikumbuka ngati ndinatsazika.

Tinakwera minibasi yobwerera. Titatsika pa tala ndinatenga njinga pamene tinkaisungitsa, koma sindinakwere. Ndinkaikankha, iye akubwera m'mbuyo. Chimanga chinali chitatalika mbali zonse za njira, moti panalibe wotiona. Ndinaima.

"Mwandinamiza miyezi inayi, Mayi."

"Sindinakuuzeni kuti ndikuchira. Ndinu mumandiuza ine."

"Nanga mwana? Akudzimana kuti inu mukaviike mapazi m'maluwa?"

"Mwana akudziwa. Ndinamuuza sabata yoyamba. Anati, amama, pitanibe."

Zimenezo zinandilasa kuposa zoyamba zija. "Ndiye m'nyumba monse wopusa ndinali ine ndekha."

"Simuli wopusa, Bambo. Ndikanakuuzani, mukanapeza china choti tidikire. Mukanati tidikire mafuta opaka, tidikire mapemphero a novena, tidikire wansembe watsopano. Ndinati bola nyaleyi, ine ndikupezako kanthu."

"Kanthu kanji? Mbalame za m'wailesi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wathu anali asanandiyang'anepo choncho.

"Mayi uja amandigwira manja. Inu mumawasankha."

Ndinafuna kunena kuti si zoona, koma ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinagwira chikhatho chake m'chikhatho changa, ndipo sindinalipeze. Sindinkaopa kutenga matenda, ayi, dokotala ndinamumva ndi makutu anga. Koma penapake m'kati mwanga manja aja anali atasanduka vuto loti ndilithetse, ndipo vuto umaliyang'ana, suligwira.

"Ine sindikudwala, Bambo," anapitiriza. "Palibe pamene pakundiwawa. Sindikufuna kuchira, ndikufuna ntchito yanga. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Ndikanakhala wamasiye ndikanapita ndekha ku komiti. Koma ndili ndi mwamuna, ndiye ndikapita ndekha akandifunsa kuti abambo ali kuti, ndiyankhe chiyani? Kuti akudikira nyale?"

Ndinalonjeza pomwepo, pakati pa chimanga, kuti ndipita.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Koma sabata yomweyo tinalowa m'nyengo ya Lenti, ndipo ndinadziuza kuti si nthawi yoyambitsa mikangano mu mpingo. Ndinati ikangodutsa Pasaka. Ndinamuuza zimenezo, iye anangoti, "Chabwino." Tsopano ndikudziwa kuti Lenti chinali chophimba chabe. Ndinali nditakhumudwa. Zinkandipweteka kuti mkazi wanga ndi mwana wanga anandibisira, kuti mlendo wa ku Chipata ankadziwa za m'nyumba mwanga zimene ine sindinkazidziwa, ndipo ndinkafuna kuti nayenso adikireko pang'ono. Kukwiya kwa munthu wofatsa sikumveka, n'chifukwa chake ngakhale mwini wake amakutcha kuleza mtima.

Ku loji mkazi wanga sanapitenso. Mwana anamuchonderera, iye anati zakwana. Loweruka sindinamuitanenso pakhomo pa shedi, koma sindinachitenso china m'malo mwake. Za kabuku sanafunsenso. Pa Pasaka anakhala benchi lomaliza, manja ali m'kati mwa chitenje, ndipo polandira anapita komalizira, anthu onse atabwerera m'malo.

Pasaka itadutsa ndinali pakalikiliki wa kusankha fodya. Ndinati ndimalize mulu uwu, komiti ikumananso mwezi wamawa. Sabata yachiwiri, Lachitatu m'mawa, mkazi wanga anagwa m'munda wa mtedza. Anamupeza ndi amayi ena odutsa. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, mtsempha waphulika m'mutu, ndipo sizikukhudzana n'komwe ndi mawanga. Anakhala masiku atatu osayankhula. Masiku atatu amenewo ndinamugwira dzanja kuyambira m'mawa mpaka anamwino atatitulutsa, koma adokotala anati mbali imeneyo sankamva kanthu.

Maliro anali aakulu. Kwaya inaimba bwino, amayi a mpingo anavala yunifolomu, ena analira mpaka kugwidwa. Sindikunena kuti ankanamizira. Ndaona kuti munthu akhoza kukuthawa uli moyo n'kukulira moona mtima utafa, ndipo iye saona chachilendo pamenepo.

Patapita miyezi iwiri atcheyamani anabweranso. Tinakhala pamthunzi. Anayamba ndi za mitengo ya fodya, za mvula ya chaka chamawa, kenaka anakonza kukhosi.

"Bambo, komiti yandituma. Bambo uja wa gulosale walephera, odwala akudandaula kwambiri. Takhala pansi, taona kuti palibe wina woyenera kuposa inu. Wansembe wavomera kuti mukachite maphunziro. Ndinu munthu wopemphera, wosayambana ndi anthu. Ngakhale pa nkhani ija ya amayi, ena akanabweretsa phokoso mu mpingo, koma inu munaonetsa chitsanzo. Tinakuonani."

Ndinafunsa funso limene ndikanafunsa chaka chathacho.

"Atcheyamani, bwanji simunawaitanenso?"

Anadabwa moona. "Aa, Bambo, ife sitinawaletse amayi. Tinati apume."

"Dokotala anati si khate. Anati si zopatsirana. Analemba, anadinda."

"Liti?"

Ndinawauza mwezi wake. Anawerenga ndi zala, n'kugwira pakamwa.

"Bambo, nanga bwanji simunabwere? Ife tinamva kuti mwapita ku Lilongwe. Tinadikira. Komiti inakumana, ena anafunsa kuti kodi zotsatira zatuluka bwanji, ine ndinati abambo abwera adzatiuze. Mwezi unatha, wina unatha, inu zii. Kenaka tinamva kuti mukumapita nawo kwinakwake ku boda mwakachetechete. Ndiye anthu anati, mwaona, mwini wake akudziwa. Akanakhala matenda wamba, munthu ngati uja sakanakhala chete. Ngakhale ine, ndisaname, ndinayamba kuganiza choncho. Mawu anu amalemera kuno, Bambo. Mukanangoimirira Lamulungu limodzi."

Sindikudziwa ngati zikanathekadi monga ankanenera. Mwina amayi aja akanaolokabe. Mwina atcheyamani ankadzitsuka, chifukwa nawonso anali ndi miyendo, ndipo nyumba yanga sinasamuke. Ndayesa kuwakhululukira, ndipo masiku ena ndimaganiza kuti ndatha, mpaka ndiwaone akuwerenga zolengeza kutsogolo. Koma chimene ananena chinali ndi choonadi chokwanira. Chete wanga sanali chete kwa iwo. Unali umboni, ndipo ndinaupereka sabata iliyonse kwa pafupifupi chaka chathunthu, motsutsa mkazi wanga, ndili pa benchi lachitatu ndi korona m'manja.

"Pezani wina," ndinatero.

"Musayankhe lero, Bambo. Tikudziwa kuti inu simufulumira. Ganizirani kaye, pempherani, tidzabwera mwezi wamawa."

"Musabwere. Pezani wina."

Anakhalabe pang'ono, mwina kudikira kuti ndifewetse mawuwo monga ndimachitira nthawi zonse. Sindinawafewetse. Anadzuka, anatenga njinga yawo, ndipo sindinawaperekeze.